Wokanda Mtovu ku Dodona

Ntchito yanga ndi kukanda mtovu.
Ndimakhala kunja kwa mpanda, kachitsulo kosongoka m'manja,
ndipo osadziwa zilembo amandiponyera kandalama
kuti ndiwalembere zomwe akufuna kufunsa Zeu.

Mungayese kuti munthu woyenda masiku asanu ndi anayi,
zidendene zitang'ambika m'miyala,
adzafika ndi funso lolemera ngati phiri la Tomaro.
Ayi ndithu.
Dzana Pasiyoni wa ku Ambrakiya anafunsa za chofunda chake:
ndinataya ndekha, kapena wakuba ndimadya naye?
Dzulo Nikandira, mayi wonunkha mbuzi,
anandinong'oneza kuti, lemba ngati ndikumbe chitsime kuseri kwa khola.
Mnyamata wa ku Kerikira, ndevu zongophuka kumene,
anachita chibwibwi mpaka ndinamumalizira ndine:
mimba ya Mirutale, kodi ndi yanga?

Ndizo timamufunsa
uja anagwetsa bambo wake pampando,
uja anayamwa mbuzi m'phanga la ku Kerete
anyamata akuomba zishango kuti kulira kwake kusamveke.
Mwini mphezi timamufunsa za chofunda.

Ndikapinda mtovuwo, ndimauponya mu mtsuko.
Ansembe osasamba mapazi, ogona pansi,
amaunyamula kupita nawo patsinde pa thundu.
Kumeneko amayi atatu a imvi amapendeketsa mitu.
Mphepo ikatsika m'phiri
miphika yamkuwa imagundana milomo,
wina kupatsira mnzake kulira mpaka kuzungulira mtengo,
njiwa zimauluka,
ndipo amayiwo amati mulungu wayankhula.
Ndakhala pano zaka makumi awiri ndi zitatu.
Ine ndimangomva masamba.

Ndinali ndi mwana, Lamponi.
Ankaluma chala chachikulu akamawerenga nkhosa
ndipo nthawi zonse ankaiwala imodzi.
Tsiku lina kumwamba kunada masana,
kunang'anima kamodzi kokha.
Tinamupeza pafupi ndi thanthwe, nsapato imodzi itavuka,
lamba wake akadali wofunda,
nkhosa zikudya msipu ngati palibe kanthu.

Ansembe anabwera ndi zikhomo ndi chingwe.
Anatchinga malowo, nati ndi opatulika,
pano mulungu anatsika yekha,
mwana wako walemekezedwa, usamusunthe, usalire mokweza.
Anamukwirira pomwepo.
Tsopano ngakhale ine sindiloledwa kupondapo.
Mayi wake amaima kunja kwa chingwe
ndi keke ya uchi yomwe sadziwa poti aike.

Chaka chilichonse amandifunsa Eukileya:
walembera alendo onsewa, lathu lili kuti?
Ndimamuuza kuti thundu sulandira "chifukwa chiyani".
Umafuna funso loti inde kapena ayi,
nyemba yoyera kapena yakuda.
Ndiye usiku ndimayesa kulipinda kuti likwane.
Ndinalembapo kuti: Kodi anamva kuwawa?
Ndinafafaniza ndi chala, mtovu suvuta, ndi wofewa.
Ndinalembanso kuti:
Zeu, kodi munkaloza iyeyo,
kapena munkaloza thanthwe n'kuphonya?

Ili ndi lomwe ndili nalo m'thumba.
Akati inde, ndidzakhala bwanji pakhomo pake kudya mkate wake?
Akati ayi, ndiye kuti dzanja limene lagwira dziko lonse
limanjenjemera ngati langali.
Lakhala m'thumba zaka zisanu ndi chimodzi,
zilembo zikutha ndi thukuta.

Kwayamba kuwaza.
Alimi ali pamzerewa akweza manja, akuti Zeu wakumbukira barele,
ndipo ndi zoona, wakumbukira.
Ndaphimba timapepala ta mtovu ndi chikopa.
Wotsatira ndi mkulu wa diso limodzi, wanyowa mpaka m'mawondo.
Njuchi zake zathawa mumng'oma.
Akufuna kudziwa ngati zidzabwerera.
Ndanola kachitsulo kanga pamwala.
Nenani pang'onopang'ono, bambo, ndikulemba.